Waya wa Dorika pa mpanda wa alamu

Ogasiti anafika, mphepo n'kuyamba kunyamula fumbi m'misewu ya ku Bembeke, koma a Bartholomew anali asanabwezebe waya. Waya wa mwiniwake. Anabwereka mu Juni, mano onse ali pamtunda, ati akolekepo maluwa ndi tinsalu pa chaka cha Ukaristia, chikangotha chakacho abweza Lolemba lomwelo. Lolemba linadutsa. Maluwa anafota, tinsalu anachapa n'kusunga, ansembe amene anadutsa pansi pa wayayo anaiwala n'komwe kuti kunali chaka. Koma waya, zii.

Mwini wayayo anali Dorika, mayi wamasiye wolima mbatata ya kachewere. Sukulu anaisiya atangodziwa kulemba dzina lake, ndipo sanailirepo. Ogula mbatata ochokera ku Lilongwe ankamudziwa bwino. Akatchula mtengo watchula, ukayamba kukanda m'mutu iye amakhalira thumba n'kuyang'ana kwina. A Bartholomew anali alamu ake, amuna a mng'ono wake Zilole, komanso wapampando wa mphakati wa m'mudzimo.

Wayayu sanali woyanikapo zovala. Dorika anamupeza kwa a Zefaniya, okonza mawailesi pamsika, posinthana ndi mbatata, pamodzi ndi wailesi yakale yakuda ya chivundikiro chomanga ndi mphira. Tsiku limenelo a Zefaniya anatembenuzira kabatani mbali yolembedwa AM, wailesi n'kungoti siii.

“Mbali iyi anthu amati inafa,” anatero a Zefaniya. “Siinafe. Imangofuna waya wautali ndi munthu wodziwa kudikira.”

“Wodikirayo sindine,” anayankha Dorika. “Koma wayayo bweretsani, ndipo mbatata sindiwonjezera.”

Zachilendo zilipo. Mayi amene sankatha kudikira ngakhale madzi a tiyi kuti awire, anayamba kukhala duu madzulo alionse, khutu pa wailesi. Waya anamumanga kuchokera pa bulugamu wa kuseri kwa khitchini mpaka pa paini wa m'malire a munda. Mbali yotsikira pansi ankaikulunga kuzungulira wailesi, nsonga yake n'kumangirira pa chitsulo cha bedi lakale chimene anakhomera patsinde pa bulugamuyo. A Zefaniya anamuuza kuti dothi la pachitsulocho lizikhala lonyowa, apo ayi mawu sabwera. Madzi a pamjigo, osenza yekha kukwera nawo chitunda, Dorika sakanawataya pansi. Ankathirapo madzi oviikira mphale, oyera mbee aja.

Ndiye dzuwa likangolowa kuseri kwa phiri, mawu ankayamba kutuluka mu siii muja. Achipwitikizi a ku Mozambique sankawawerengera, amenewo ndi apafupi, ngakhale mbuzi zimawamva. Ankasaka akutali. Panali bambo wina wolankhula ngati akuthamangitsidwa ndi galu. Panali ena olankhulira m'mphuno. Ndiye panali mayi woimba ndi zitoliro, wa mawu aang'ono ngati udzudzu, amene ankabwera mwa apo ndi apo, kuimba pang'ono n'kumira. Kumene ankaimbira Dorika sankakudziwa. Ankangodziwa kuti n'kutali kwambiri, kutsidya kwa madzi ambiri, ndipo kuti m'mudzi monse womugwira anali iye yekha.

Nyengo yowamvera akutaliwa ndi yozizira. Mvula ikayandikira, ziphaliwali zimadzaza wailesi ndi phokoso ngati ukukazinga chimanga, ndipo akutali onse amasowa mpaka chaka china. A Bartholomew anali atamudyera kale Juni ndi Julayi. Dorika anayang'ana mitambo, anamanga chitenje, n'kutsetsereka.

Anawapeza akusema mpini pakhonde. Koma maso ake sanafike n'komwe pa iwo. Anaima pa mpanda watsopano wa udzu wozungulira bwalo lawo. Chomangira udzuwo kunsichi, kuyambira pachipata mpaka kukhola la nkhumba, chinali kunyezimira padzuwa.

“Mwaswera bwanji, alamu?” anatero a Bartholomew.

“Sindinaswere. Waya.”

“Aa, nkhani imeneyo ndi yofunika kukhala pansi.”

“Munabwereka mutaimirira.”

A Bartholomew anaika kasemasema pansi, n'kukonza kukhosi ngati akutsegula pemphero. “Alamu, anthu akukuonani. Dzuwa likalowa mumagwada patsinde pa mtengo. Mumathira zoyera pansi. Kenako mumaweramira n'kumati, ‘Bwerani, bwerani, musathawe.’ Mumaitana ndani? Anzathu a gule kutsidya uko akathira nsembe ya ufa timadziwa kuti ndi zawo. Koma mlamu wa wapampando?”

Dorika anaseka mpaka nkhumba zinayankha kukhola. “Nsembe! Pa bulugamu? Mzimu wa gogo wa ndani ungakakhale mu mtengo wobwera? Ndi madzi a mphale aja, alamu. Ndimanyowetsa chitsulo.”

“Mmene zimaonekera ndi mmene anthu amazionera. Ngati ndi wailesi, bwanji osamvera zomveka ngati anzanu? Zilankhulo zoti simukuzidziwa mumamvapo chiyani?”

“Nanga Chilatini chimene mumakuwa nacho pa Khrisimasi, mitsempha ya m'khosi ili gwa, mumachimva?”

Apo a Bartholomew anaimirira. Anati waya sakana, ndi wa Dorika ndithu. Koma abwere Lachinayi madzulo pamene mphakati ukumana pakhomo pawo, aimirire pamaso pa onse, anene kuti zothira pansi zija wasiya. Akatero, waya atenga.

“Ndilape kumvera wailesi?”

“Mukhazike anthu mitima pansi.”

“Mitima yawo ikhale pamene ikufuna,” anatero Dorika, n'kutembenuka osatsanzika.

Madzulo amenewo anayesa wailesi popanda waya. Anaitembenuzira uku, anaitembenuzira uko, anaikweza pamutu ngati mtsuko. Achipwitikizi okhaokha. Mwana wake Tamanda, mtsikana wamkulu woimba kwaya, ankamuyang'ana ali pakhomo.

“Amayi, ingopitani mukanene. Ndi mawu ochepa chabe. Ku kwaya akundifunsa ngati kwathu timagona ndi mizimu.”

“Uziwauza kuti inde, ndipo imaimba bwino kuposa iwo.”

“Amayi!”

“Ndikanene kuti ndasiya chinthu chimene sindinachiyambe? Mawa adzati ndisiye kutsokomola chifukwa zikumveka ngati ndikuitana fisi.”

“Ndiye gulani waya wina.”

“Ndigule kawiri chinthu changa? Iwe unabadwa kwa ine kodi?”

Tamanda analowa m'nyumba. Dorika anakhalabe panja, chisanu chikumuluma zala, akuganiza za mpanda uja. Wayayo a Bartholomew sanamudule, Dorika anamuona yekha. Anangomutambasula pa nsichi zouma, kuchokera pachipata mpaka kukhola, nsonga n'kuisiya ikulendewera kunja, chakunjira. Waya sadziwa kuti ali pa mtengo kapena pa mpanda. Dorika anazimitsa wailesi kuti asathe mabatire.

Lachinayi linafika. A mphakati anasonkhana pabwalo la a Bartholomew, amayi pamphasa, abambo pamipando, n'kuyamba kolona. Ali pakati, kunja kwa mpanda kunamveka kho! kho! kho! Wotsogolera anakweza mawu. Kho! kho! Anthu anayamba kusuzumira m'mipata ya udzu, kenako mmodzimmodzi kutuluka pachipata.

Dorika anali atakhomera chitsulo chake cha bedi m'mphepete mwa njira, pafupi ndi nsichi yomalizira. Nsonga ya waya anali atailumikiza kale ndi kachidutswa kamene kanatsala kwawo, n'kukulunga pa wailesi. Anthu akuyang'ana, ananyamula chidebe, n'kukhuthula madzi oyera mbee patsinde pa chitsulocho, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone. Kenako anagwada.

“Alamu!” A Bartholomew anatuluka kolona ili m'manja. “Ichi n'chiyani?”

“Munati ndibwere Lachinayi. Ndabwera. Khalani chete, mukuwathawitsa.”

Anapotoza kabatani ndi nsonga za zala, khutu litagunda wailesi. Siii. Achipwitikizi anadutsa. Siii. Bambo wothamangitsidwa ndi galu anatulukira n'kusowa. Dorika anatseka maso.

“Bwerani,” ananong'ona. “Bwerani, mayi, musathawe.”

Amayi awiri anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Ndiye pansi penipeni pa phokosolo, kachitoliro kanayamba kulira, ndipo pambuyo pake mawu aang'ono aja. Anakwera, anamveka bwinobwino, anatsika, anakweranso. Dorika sanayang'ane munthu. Miyezi iwiri yathunthu asanamumve mayi ameneyu, ndiye ataye nthawi ndi nkhope za a mphakati?

Zikanathera pomwepo, chikhala kuti sipanadutse a Zikhalo, mkulu wa kudambwe wa kutsidya, akukankha njinga kuchokera kuchigayo. Anaima. Anayang'ana dothi loyera, anayang'ana mayi wogwada, anayang'ana khamu la anthu a makolona, n'kuvula chipewa mwaulemu wonse.

“A wapampando, mwabwerera kwathu osatiuza? Nsembe mpaka pakhomo! Mukanatitumira uthenga tikanabwera ndi ng'oma.”

Ena anaseka, ena anazemba. Zilole anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. A Bartholomew anatembenukira kwa Dorika.

“Chokani pakhomo panga, alamu.”

Dorika anatsitsa wailesi pang'ono. “Panu? Dothi ili ndi la amayi anga. Inu munabwera kuno ndi bulangeti ndi khasu, ndipo khasulo linali lobwereka. Pamene pali waya wanga ndi pamene ndikhale ine. Mawa ndibwera, mkuja ndibwera, mpaka mvula. Mphale ndaviika yambiri.”

“Muchita manyazi nokha.”

“Manyazi ndinasiya kuchipatala pobereka Tamanda.”

Ndipo anabweradi. Mawa lake anabwera, mkuja wakenso. Dothi la pampanda wa wapampando linayera ngati pachigayo. Amayi opita kumjigo ankachedwa dala kuti aone. Anyamata a kutsidya podutsa ankawomba m'manja mwaulemu, kuwerama, n'kupitirira akuseka. Lamulungu kutchalitchi, a Bartholomew atanyamuka kuti alengeze za msonkhano, wina kumbuyo ananong'ona kuti “Bwerani, musathawe,” benchi yonse n'kugwedezeka. Tamanda anapita yekha kukapempha mayi ake aang'ono kuti alankhule ndi amuna awo. Zilole anangoti, “Iwe, amayi ako ndinakula nawo. Amene atope si iwo.”

Mmawa wina nkhungu isanachoke, Dorika akusankha mbatata ya mbewu pakhonde, anamva kutsokomola kwa munthu wofuna kuti amuone. Anali a Bartholomew, waya atamukulunga paphewa, udzu uli m'tsitsi. Kumunsi uko mpanda wawo unali utagona chafufumimba, mbuzi zikulowa ndi kutuluka pabwalo ngati pamsika.

Anaponya wayayo pansi. “Nayu. Musadzapondenso pampanda panga ndi zidebe zanu.”

Dorika anasuzumira wayayo osadzuka. Anamugwira, anamutambasula pang'ono, kuyang'ana ngati pali poduka. Panalibe.

“Munamupeza ali pansi?”

“Mwati bwanji?”

“Tsiku limene munabwereka, wayayu anali pansi? Ndikukumbuka munthu wina atakwera bulugamu uyo, akuseka, akuti ‘musavutike alamu, ndimasula ndekha.’”

“Alamu, ine ndi munthu wamkulu.”

“Mu Juni munali mwana? Ngati simufuna, mutengeni mukamangenso mpanda. Kwanu kuja mayi wa zitoliro amamveka bwino kuposa kuno, sindikunama.”

A Bartholomew anayang'ana kunjira. Kunalibe anthu ambiri, nkhungu inali ikadaphimba. Anavula jekete, anavula nsapato, analavulira m'manja. Tamanda anatulutsa mutu pazenera n'kuubweza msanga.

Bulugamu ndi woterera, ndipo a Bartholomew sanali opepuka. Anakwera akubuula, akuitana oyera mtima mmodzimmodzi. Atamanga kumeneko anatsika, n'kuyenda mpaka pa paini wa m'malire, nakweranso, utomoni ukumata malaya. Dorika anaima pansi manja ali m'chiuno.

“Nthambi imeneyo ayi. Yapamwambayo.”

“Ndigwa, alamu!”

“Mukagwa mugwere uko, kuno kuli mbewu. Kokani. Akulendewerabe.”

Anakoka. Waya anawongoka kuchokera pa paini mpaka pa bulugamu, madontho a nkhungu akutsetsereka pa iye. A Bartholomew anatsika, zikhatho zili psuu, anavala nsapato, n'kunyamula jekete.

“Tathana?” anafunsa asakumuyang'ana.

Dorika anapita patsinde pa bulugamu, anagwira nsonga ya waya n'kuikoka kamodzi. Inalimba.

“Tathana,” anatero. “Juni ndi Julayi ndakukhululukirani. Tamanda! Usataye madzi a mphale aja.”