Mluzu wa Tsumba

Mbalameyo sinali ya Atelala. Inali ya mwana wawo wamwamuna, wopenta nyumba uja, amene tsiku lina anabwera nayo m'katoni yoboolaboola, akumwetulira ngati wabweretsa mkazi. Inali ya mtundu wa zinkhwe, yotchedwa kokatiyelo, yotuwa, ya masaya ofiirira ndi tsumba pamutu, ndipo tsumbalo ndi limene linasanduka dzina. Atelala anakanitsitsa kwamtuwagalu kuti m'chipinda chosokeramo muli nsalu za eni ake, si mosungira ziweto. Koma mayi amakana ndi pakamwa pokha. Khola linakhazikika pawindo, pakati pa makina ndi tebulo lositira.

Mnyamatayo anali ndi kanyimbo kake ka mluzu, kopeka yekha, kopanda mutu, kamene ankaimba akamatsuka maburashi kuseri. Tsumba anaiphunzitsa mwa chiphuphu: ikaimba, nthangala ya mpendadzuwa, ikangoti duu, palibe kanthu. Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina anapita kuntchito, makwerero anaterereka, ndipo masana kunabwera anzake a maovololo a penti, n'kuima pakhomo zipewa zili m'manja.

Maliro atatha, anthu atabalalika, Atelala ankangokhala pa makina osapondako. Tsiku lina akufufuza batani m'chitini anapezamo nthangala imodzi. Tsumba itaiona inadzutsa tsumba lake n'kuyamba kuimba. Inaimba kanyimbo konse, mpaka paja mnyamatayo ankadukiza kuti akoke mpweya. Atelala analira mpaka kunyowetsa siketi ya mwini wake, koma mtima unakhalako pansi koyamba chichitikire zovutazo.

Kuyambira pamenepo m'thumba la epuloni simunkasowa mpendadzuwa. Akangomusowa mwanayo, dzanja m'thumba. Nanga mayi wofedwa amasowa mwana wake kangati pa tsiku? Tsumba inasiya kuyang'ana chakudya china chilichonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada: inanenepa, nthenga zinachita mbuu, mlomo unatalika mopotoka, ndipo mapeto ake inatsika pa kamtengo n'kumakhala pansi pa khola ikupuma movutikira.

Mwana wawo wamkazi, amene ankabwera kumapeto a sabata, ndi amene anawakakamiza kupita nayo kwa dokotala wa ziweto. Dokotalayo anaifufuza pachifuwa, n'kunena mosapita m'mbali kuti chiwindi chadzaza mafuta. Anafotokoza kuti mpendadzuwa ndi mafuta okhaokha, ndipo mbalame yodya zimenezo zokha sikhalitsa. Izidya masamba, karoti wopala, timibulu togula ta mbalame, mawere pang'ono, nthawi zina dzira lowiritsa. Za mchere ayi, mapeyala ndi poizoni. Asaisinthire chakudya mwadzidzidzi kuopa njala, koma mpendadzuwa uzichepa mpaka utheretu.

"Nanga iziimba?" anafunsa Atelala.

Dokotala anaseka n'kuti mbalame yathanzi imaimba yokha. Sanadziwe chimene ankafunsidwa. Mwana wamkazi uja anadziwa, ndipo anayang'ana pansi.

Kunyumba zinali zovuta. Karoti Tsumba inkamutaya kunja kwa khola, masamba n'kumawayang'ana ndi diso limodzi ngati mlendo wokayikitsa. Kuimba inasiyiratu, ndipo m'chipinda munali zii. Atelala ankapirira m'mawa wonse, koma pofika masana dzanja linkalowa lokha m'thumba. Mwana wawo atabwera anapeza makoko pansi pa makina.

"Amayi, achimwene tinaika kale. Mukufuna tiikenso iyi?"

"Iwe uli ndi mwamuna ndi ana. Ine ndatsala ndi mluzu wokha."

Mwanayo anangosesa makokowo n'kupita kukhitchini, kumene anakatsegula mpopi kuti asamveke akulira. Atelala anayang'ana mbalame ija itazolika pakona, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Anaona poyera kuti akuipha, ndipo akuiphera njala yawo, osati yake. Anavula epuloni, n'kukhuthulira zonse za m'thumba m'bini.

Dokotala anali atanena kuti mbalamezi zimadya zimene zaona mnzawo akudya. Choncho Atelala, munthu amene ankati zosaphika n'za mbuzi, ankakhala pafupi ndi khola akutafuna karoti mokokomeza, makasitomala akubisa kuseka. Tsumba inajompha kamodzi, n'kupukusa mutu. Mawa lake inajomphanso. Timibulu ankatinyowetsa n'kutisakaniza ndi mawere kuti inyengeke. Inali nkhondo ya miyezi, koma nthenga zinayamba kuwala, kupuma kunabwerera m'malo, ndipo tsiku lina inauluka n'kukatera pa waya wa katani.

Kuimba inayambiranso, monga ananenera dokotala. Inkatsanzira lumo, kulira kwa foni, ngakhale kulira kwa lamba wa makina akasowa mafuta. Kanyimbo kaja kokha ndi kamene sikankamveka.

Atapita nayonso kuchipatala cha ziweto, dokotala anati tsopano nthangala imodzi mwa apo ndi apo si mlandu. Atelala atafika kunyumba anaionetsa nthangala imodzi. Tsumba inadzutsa tsumba, inayamba bwinobwino, n'kuima pakati. Inapendeketsa mutu, kudikira kuti wina ayikumbutse. Amene akanayikumbutsa anali kumanda.

Atelala ankakadziwa kanyimboko mpaka kumapeto, koma mluzu sanauphunzirepo chibadwire. Anasongola milomo. Munangotuluka mpweya wouma, wonjenjemera. Anayesa tsiku limenelo, anayesa mawa lake, anayesa akusita, akudula, akupala karoti. Mbalame inkamvetsera mwachidwi, mutu uli chopendekera.

Loweruka lina mwana wawo akulowa ndi masamba m'jumbo anaima pakhomo, nkhope itasintha. Pawindo Tsumba, yosalala ndi yonyezimira, inali itatukula chifuwa ikutulutsa kampweya kouma, kodukaduka, fuu, fuu, fuu.

"Amayi, yayambanso kudwala? Ikupuma bwanji chonchi?"

Atelala sanadzutse mutu pa makina.

"Sikudwala, mwana wanga. Ndi ineyo ameneyo."