Maliro Achiwiri a Amalume Biswick

Foni inaliranso Gladys akuvula nsapato za kuntchito. Sanaiyankhe. Miyezi imeneyi inali itamuphunzitsa kuti munthu wokutchula dzina lonse mwaulemu pafoni sakhala ndi uthenga wabwino.

"Ndi abale anu aja," anatero Overton, mwamuna wake, ali chigonere pasofa ndi yunifolomu ya ulonda wa ku Wembley. "Amakusowani kuposa ine."

Abalewo anali makhadi atatu a ngongole. Loyamba linagula malata a nyumba ya ku Ntcheu. Lachiwiri linabwera kudzalipira loyamba. Lachitatu linabwera kudzadyetsa awiriwo, ndipo miyezi yambiri ndilo linkatulutsa ndalama zimene Gladys ankasonkha ku chipereganyo cha amayi a kutchalitchi. Ankakongola ndi chiwongoladzanja kuti asunge popanda chiwongoladzanja, ndipo amayi onse ankamutama kuti sachedwa kusonkha.

Ngongole itafika mapaundi zikwi khumi ndi chimodzi, Gladys anapita ku kampani ina yokambirana ndi mabanki. Kumeneko anamuuza kuti asiye kulipira, mabanki amve njala kaye. Njalayo inayamba kumuluma iye: mafoni m'mawa, mafoni ali m'wodi ndi odwala. Kenako mabanki anavomera. Akapereka zikwi zinayi nthawi imodzi mwezi usanathe, zotsalazo zifafanizidwa. Akalephera, pangano lifa ndipo nkhani ipita kukhoti. Gladys akamva mawu oti khoti ankaganiza za mapepala ake okhalira m'dziko la eni.

Zikwi zinayi zinalipo, koma zinali za chipereganyo, ndipo mwezi umenewu wolandira anali Petronella, mnzake wa ku Lusaka, amene ankazidalira pa ulendo wa ku ukwati wa mng'ono wake. Gladys nthawi yake inali Epulo. Lamulo la gulu linali limodzi: kusinthana miyezi ndi pamaliro pokha.

"Ndiye tiphe munthu," anatero Overton.

"Mulungu akukhululukireni."

"Sindikunena wamoyo. Amalume anu a Biswick anatisiya kalekale. Angadandaule chiyani kumwaliranso? Ali moyo ankakonda kuthandiza anthu."

"Bwanji ndingomuuza Petronella zoona?"

"Kuti inu, amene munagulira kwaya malaya, mukusakidwa ndi mabanki? Lamlungu lisanafike, ku Peckham konse akhala atamva. Lolemba ku Ntcheu."

Gladys anatenga foni. Kenako anaimbira Petronella n'kumuuza kuti amalume amwalira. Chodabwitsa, misozi inatuluka yeniyeni.

"Mayo, ba Gladys!" analira Petronella. "Osakamba zambiri. Chilimba ya mwezi uno ni yanu, ndalama zonse. Tiketi yanga ya ku ukwati wa mufana wanga nizaiona mwina."

Overton anawomba m'manja mopanda phokoso. Onse awiri anali ataiwala kuti walira mvula walira matope.

Mawa lake masana, basi ya ku Thamesmead inatsitsa amayi asanu ndi awiri a kutchalitchi, zitenje pamwamba pa majasi, mipango kumutu, m'manja buledi, shuga ndi mkaka. Sanafunse chilolezo. Anakankhira sofa kukhoma, n'kuyala zitenje pansi, n'kumukhazika Gladys pakona monga namfedwa. Amayiwo anamutulutsira Overton pakhonde la fulati, popeza pamaliro abambo amakhala panja, ndipo mphepo ya kumtsinje wapafupi inamupeza kumeneko ali ndi malaya okha.

Nyimbo inayamba. Gladys anaweramitsa mutu. Foni inanjenjemera m'thumba mwake, n'kusiya, n'kuyambanso.

"Yankhani, mwina ni ba kumudzi," ananong'ona Petronella, akumusisita pamsana.

"Ndiwaimbira bwinobwino."

Atatha pemphero, mayi Miriam, wamkulu wa gulu lonse, amene ankasamalira okalamba ku Woolwich, anamukodola kukhitchini. Anatseka chitseko n'kuyamba kutsuka makapu amene anali oyera kale.

"Mwana wanga, a Biswick ake ati? Aja okonza njinga pa Kasinje?"

Gladys anali ataiwala chinthu chimodzi. Mayi Miriam nawonso kwawo ndi ku Ntcheu komweko, kungowoloka mtsinje.

"Eya, mayi."

"Anali munthu wabwino. Ine ndinatunga nawo madzi pamaliro awo, ndisanabwere kuno." Anapukuta kapu, n'kuiika pambali. "Sindinamvepo kuti anadzuka."

Gladys anatola kapu ija n'kuyamba kuipukutanso.

"Ine pakamwa panga ndatseka, usaope. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma mbale ya chipepeso yayamba kuzungulira, ndipo ndaona Phoebe akuponyamo ndalama yake ya basi. Wasiya shifiti kuti abwere kuno. Mawa ayenda pansi."

Mayi Miriam anatuluka. Gladys anatsala akuyang'ana pawindo. Pakhonde, Overton ankadumphadumpha kuti afunde, akumupatsa chizindikiro ndi chala kuti zonse zikuyenda bwino. Envelopu ya chipereganyo inali m'chikwama cha Petronella, pafupi kwambiri. Akangokhala chete, akangolira pang'ono, mabanki akhuta.

Anabwerera m'chipinda chochezera. Mbale inali pakati, yodzaza timapepala topindika ndi makobidi. Gladys anagwada, n'kutulutsa makhadi atatu, n'kuwaika pamwamba pa ndalamazo. Nyimbo inazima pang'onopang'ono, mmodzimmodzi.

"Amayi, amalume anamwalira kale, zaka zambiri zapitazo. Chandipha ine ndi ichi."

Anafotokoza zonse, malata, mafoni, pangano la mabanki, ngakhale za ndalama zimene ankasonkha. Palibe anamudula mawu. Foni inanjenjemeranso, ndipo tsopano aliyense anaimva.

Petronella ndiye anayamba kulankhula, motsitsa.

"Nalila usiku onse. Nauza mufana wanga kuti sinizabwera ku ukwati wake. Nayenda m'mawa kubweza tiketi. Manje imwe mukamba kuti nalilira pulasitiki?"

"Ndikhululukireni, asisi."

"Mukananiuza chabe! Muganiza ine nilibe khadi? Muganiza pano alipo amene alibe?"

Amayi ena anayang'ana pansi. Wina anatsokomola.

Petronella anatsegula chikwama, n'kutulutsa envelopu. Gladys anatambasula manja onse awiri, koma envelopuyo inamudutsa n'kukafika kwa mayi Miriam.

"Ba mayi, muzayenda nabo ku banki. Muone na maso yanu kuti zalowa, na pepala yoti nkhongole yasila." Kenako anatembenuka. "Nipaseni sizasi."

Anadula makhadiwo pakatipakati, limodzi ndi limodzi, mosafulumira.

"Tabwera ku maliro. Sitingabwerere osaika munthu."

Anatsegula chitseko cha pakhonde. Overton anamwetulira mwachisoni monga mkamwini wofedwa, mpaka ataona zimene zinali m'manja mwa Petronella.

"Imwe ndimwe adzukulu," anatero Petronella. "Kumbani."

Overton anakumba ndi supuni mumphika wa tomato wake amene anafa ndi chisanu. Zidutswa zisanu ndi chimodzi zinalowa m'dothi. Mayi Miriam anabweza chipepeso kwa eni ake, kuyambira ndi Phoebe. Amayi anapinda zitenje, n'kubwezera sofa m'malo mwake, buledi ndi shuga n'kusiya. Petronella anatuluka woyamba, osatsanzika.

Ndalama zinalowa mwezi usanathe. Ukwati wa ku Lusaka unachitika Disembala, ndipo Petronella anauonera pazithunzi. M'fulati ya ku Thamesmead foni inasiya kulira. Inasiyiratu, ngakhale Loweruka m'mawa, nthawi imene Petronella ankakonda kuimba kuti afunse ngati apitire limodzi kumsika wa ku Peckham.