Mtsikana Woyendetsa Milomo

"Imani kaye!" anatero aphunzitsi a kwaya, akumenya benchi ndi dzanja. "Mzere wachiwiri mwadzaza bwino, koma mawu akuchepa. Alipo wina akutinamiza. Aliyense ayimbe yekha."

Malata a tchalitchi anali atatentha, ndipo atsikana onse anali otopa, poti anachokera kusukulu osapuma. Kachete, amene anzake anamupatsa dzinali chifukwa cha manyazi, anali mu mzere wachiwiriwo. Itafika nthawi yake anatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu.

Chichokereni bambo ake pakhomo kukakhala ndi mkazi wina, Kachete anali asanayimbepo. Anapemphera mpaka kutopa kuti abwerere, osabwerera. Kenako anaphunzira kungoyendetsa milomo, kupuma pomwe ena akupuma, ndi kugwedezeka nawo limodzi. Palibe anazindikira.

"Aa! Ndiye kuti ndakhala ndikuyimba za anthu awiri?" anakuwa mnzake woima naye pafupi, yemwe ankamutcha Wailesi chifukwa cholongolola. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!"

"Iwe Wailesi, dzitseke," anatero aphunzitsi pakati pa kuseka kwa ena. "Nonse kazipitani. Kachete, utsale."

Anthu atatuluka, aphunzitsiwo anavula magalasi n'kupukuta nkhope. Nawonso ankaoneka otopa.

"Pakhosi pakupweteka?"

"Ayi."

"Nanga n'chiyani, mwanawe?"

Kachete anayang'ana nsapato zake. "Mumtima mwauma, aphunzitsi. Ndikati ndiyimbe, ndimamva ngati ndikunama."

"Ndiye umabwereranji?"

"Amayi. Mkanjo wa kwaya anandisokera okha. Akandiona kutsogolo Lamlungu, m'pokhapo pomwe amamwetulira."

Aphunzitsi anavalanso magalasi awo. "Tinakulakwira," anatero. "Tinakuimika kutsogolo kuti uzitungira ena madzi, osafunsa ngati iweyo wamwa. Yesu sanaitane odziwa kuyimba ayi. Anaitana aludzu, ngati iweyo."

"Mundichotsa?"

"Malo ako ndisunga. Koma Lamlungu ukhale pansi, umve. Ngati uli ndi madandaulo, uwauze Ambuye momwe alili, sachita nawo mantha."

"Nanga amayi ndikawauza chiyani?"

"Zoona. Zina ulibe."

Anafika kunyumba n'kupeza amayi ake akusita mkanjo womwewo patebulo, nsalu yonyowa ili pambali.

"Wafika woyimba wanga! Taona kolala, ndayiwongola ngati ya abusa."

Kachete anafuna kungothokoza n'kulowa kuchipinda. Koma anaima pakhomo, chikwama chili kumsana, n'kunena zonse. Amayi anaimika simbi. Sanakalipe. Anakhala pampando mwapang'onopang'ono, ngati munthu wotula katundu.

"Ndiye tonse tinali kunamizana," anatero. "Ine kutchalitchi ndimapita kukaona iwe basi. Abusa akayamba kulalikira, mutu wanga umakhala uli kwa bambo ako. Kupemphera ndinasiya kalekale."

"Simunandiuze bwanji, amayi?"

"Nanga iwe unandiuza?"

Anaseka pang'ono onse awiri, kuseka kwa anthu otopa.

Lamlungu anakhala limodzi pa benchi lakumbuyo, pafupi ndi amayi oyamwitsa. Ena anacheuka n'kunong'onezana. Koma Kachete sanadzuke. Kwaya itayamba, anamva mawu a nyimbo ngati akuwamva koyamba, popeza sanalinso pa ntchito yosamala milomo. Wailesi anali kuyimba ndi mphamvu zake zonse, akumuyang'ana.

Itafika nthawi ya pemphero, Kachete anasowa mawu okongola. Anangonong'ona kuti, "Ambuye Yesu, ndatopa. Ndinakukwiyirani. Koma ndabwera."

Sanamve chozizwitsa chilichonse. Koma pambali pake amayi ake anati "Ameni" motsitsa, n'kumugwira dzanja, ndipo pemphero la abusa linatha iwo asanakweze mitu.