Mbendera ya pa Hotelo ya Mayi Aslaug

Sitima yapamadzi itakhota pa thanthwe lomaliza, ndinaiona hotelo ija m'mphepete mwa madzi, matabwa ake oyera ndi makonde ake akale, kumbuyo kwake phiri lakuda lomwe limameza dzuwa msanga. Kenako ndinaona mbendera. Inali pamwamba penipeni, chonsecho linali Lachinayi wamba.

Chilimwe chapitacho ndinkayala mabedi pa hoteloyo, ndipo Eilif, mwana wa eni ake, Mayi Aslaug, anandifunsira kuseri kwa nyumba yosungiramo mabwato. Palibe ankadziwa za ife. Ndinamuuza kuti ndikaganize kaye kutauni ya Bergen, ndidzabwera ndi yankho maapozi akadzachita maluwa.

"Ukadzati inde," anatero akuseka, "mbendera ndidzakweza ndekha, mudzi wonse uone."

Yankho ndinabwera nalo, ndinalivalira ndi diresi lofiira lomwe. Koma ndinali ndisanalinene. Nanga mbenderayo inakwerera ndani? Kuno mbendera siikwera chabe pakati pa sabata. Ndi ukwati umenewu, ndinadziuza. Watopa kudikira, watenga Jorunn wa kwa abusa, yemwe Mayi Aslaug ankamufuna kalekale.

Ndinalowa ngati mlendo. Mtsikana wolandira alendo anali wachilendo, anangondipatsa kiyi maso ali pansi. Chipinda changa chinali cham'mwamba, choyang'ana kumadzi. Padoko panali mabwato opitira kutchalitchi, atamangidwa mondandalikana. Pakhonde amuna a masuti akuda ankasuta fodya. Pansi panga pankamveka makapu kugundana, nyimbo, mwa apo ndi apo kuseka. Ndinakhala pabedi lomwe ndinkayala kale, nsanje ikundiotcha, mpaka ndinalephera kupirira n'kutsika.

M'chipinda chodyera munali fungo la khofi ndi nsomba zowamba. Anthu anadzaza. Kumutu kwa tebulo kunali Mayi Aslaug, pambali pawo Jorunn atawagwira dzanja ngati mpongozi.

"Mafuno abwino, Jorunn!" ndinakuwa ndili pakhomo. "Nanga mkwatiyo mwamubisa kuti? Atuluke ndimuone!"

Sipuni ya munthu wina inagwa pansi.

Dzanja lolimba linandigwira pamkono n'kundikokera kukhitchini. Anali a Brynhild, ophika, omwe ankanditukwana chilimwe chonse n'kumandisungira keke.

"Iwe Tordis, mutu wakowu uli ndi madzi? Wavala ngati tambala n'kudzalira pamaliro a eni?"

"Maliro ati, amama? Mbendera ili pamwamba!"

"Ha! Chaka chimodzi m'tauni basi waiwala? Ukadabwera ndi sitima yam'mawa ukadaipeza pakati pa mtengo. Imakwera pamwamba akatha kukwirira, chitsiru iwe."

Mwambowo ndinkaudziwa. Kungoti maso anga ankafuna ukwati, wanga kapena wa wina, moti china chilichonse sanachione.

"Ndani?" ndinafunsa.

A Brynhild anapukuta manja pa epuloni, ngakhale anali ouma.

"Ndani, amama?"

"Eilif. Anati mtengo wa mbendera wawola, akufuna watsopano, wautali woti uzioneka mpaka kutsidya. Tinamuletsa, chipale chofewa chikusungunuka kuphiriko, miyala ikugumuka. Iye n'kumangoimba mluzu, nkhwangwa paphewa. Anakam'peza Loweruka, miyala itamugwera."

Ndinagwira tebulo. Panja mathithi a kuphiri ankangolindima monga amachitira chaka chilichonse.

Chitseko chinatseguka, Mayi Aslaug analowa. Nkhope yawo inali itauma ngati thabwa. Anayang'ana diresi langa kuyambira m'khosi mpaka pansi.

"Brynhild, tatulukani." Titatsala awiri anati, "Mwana wanga ankati kukubwera mlendo maapozi akachita maluwa. Chipinda cham'mwamba anachipenta yekha. Dzina anakana kunditchulira. Ndiwe?"

"Ndine, mayi."

"Woyala mabedi." Sananene monyoza, ankangokhala ngati akulawa mawuwo. "Unabwera kudzamuuza chiyani?"

Mawu omwe ndinawasunga nyengo yonse yozizira, omwe ndinkawayeserera pagalasi, anatulukira m'khitchini yonunkha anyezi, kwa munthu yemwe sanali mwini wake.

"Inde. Ndimati ndimuuze kuti inde."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anavula shawelo yawo yakuda n'kundifunditsa, kubisa kufiira konse.

"Dzuwa likulowa," anatero. "Mbendera siigona panja. Ankaitsitsa ndi iyeyo."

Tinatuluka limodzi, anthu akutisuzumira pamawindo. Mtengo wakale uja unalidi wowola m'munsi, unkalira ndi mphepo. Anandipatsa chingwe. Chinali chozizira, chonyowa, ndipo ndinachigwira nthawi yaitali ndisanayambe kukoka.