Manja a Goloboyi wa Nyundo

Yotamu Nakoma, goloboyi wa timu ya Nyundo ku Luchenza, analota ataitanidwa ku ofesi ya timu pa tsiku la masewero otsiriza a chaka. Anapita atavala kale magolovesi. Nkhani inali yodziwika kwa aliyense: Nyundo ikagonja tsikulo, ituluka mu ligi, ndipo bwalo lake alimapo chinangwa. Ikangolimbalimba osagoletsedwa, ipulumuka. Yotamu anali atakulira pagolo pomwepo mpaka imvi kuyamba, ndipo kunja kwa golo limenelo sankadziwa poti n'kuima.

Timuyo inali itagonja mpaka golo lenilenilo linatopa n'kuyamba kukula lokha. Akangogonja, mitengo yake inkasendera uku ndi uku, moti tsopano wina unali kuseri kwa chigayo, wina pafupi ndi njanji. Masapota anali atasiya ngakhale kutukwana. Ankangobwera kudzadya nzimbe.

Atatsegula chitseko cha ofesi, anapeza mtsinje wa Thuchila ukudutsa m'katimo, kulowera pawindo n'kutulukira kuseri kwa kabati. Akuluakulu a komiti anali atakhala m'madzi ofika m'mawondo, mataye ali pakhosi, akudya nkhuku. Palibe amene ankatchula za madziwo. Anthu ake ndi omwe aja, amimba zotsogola, oti mpira amauona pokhapokha ukawagunda.

"Khalani, a Nakoma," unatero mpando waukulu wachikopa, umene panalibe munthu. "Lero tikusintha wapampando."

Wapampando wakale, a Likoswe, anaimirira atasenza thumba la feteleza. M'thumbamo munali timu. Inkapuma movutikira, nthawi zina n'kumatsokomola. Zaka zonsezi mkuluyu anaisenza choncho osaimasulirako kukamwa kuti ipite mphepo, koma lero nkhope ili ndwii, ngati wolakwiridwa ndi iyeyo.

"Ine mbali yanga ndachita," anatero a Likoswe. "Timuyi ndinaipeza ili pansi, ndikuisiya ili pansi pomwepo, sindinaisunthe. Ena akanaitaya."

Komiti inavomereza ndi m'kamwa modzaza.

Kenako wapampando watsopano, a Thombozi a ku Blantyre, anatsika kuchokera kudenga ali chiimire, nsapato zikuwala, madzi n'kuwapatukira. Munthu woti chibadwire sanamenyepo ngakhale chikulunga cha mapepala! Anawasankha chifukwa Chingerezi chawo chimatulukira m'mphuno, ndiponso galimoto yawo ndi ya magalasi akuda.

"Timu ndikuisiya m'manja mwanu," anatero a Likoswe, n'kutula thumba lija.

Thumba linagwera m'madzi, khuvu! A Thombozi analibe manja. Anali ndi manja a jekete okha, ositidwa bwino, ali lende, m'kati muli mphepo.

"Yalandiridwa bwino," anatero mlembi wa komiti, akunyambita chala.

"Ayi," unatero mpando. "Mawu anena kuti m'manja. Popanda manja mwambo sunathe. Apezereni manja."

Akomiti anayang'anana. Manja awo onse anali otanganidwa. Ena anali m'mbale, ena anali atamera mizu m'matumba mwa anzawo, oti kuwazula n'kung'amba buluku la mwini. Pang'ono ndi pang'ono makosi onse anatembenukira kwa Yotamu.

"A Nakoma," anatero a Thombozi, "ndamva kuti m'timu muno manja ogwira ntchito ndi anu okha. Tibwerekeni."

"Bwana, masana ano ndili pagolo."

"Tibweza mpira usanayambe. Kodi inu simufuna chitukuko?"

Pamwamba pa kabati panali patakhala malemu kochi Mwalabu, amene anaphunzitsa Yotamu kugwira mpira, wezulo ili pakhosi, dothi la kumanda likadali m'tsitsi.

"Musapereke, mwana wanga," anatero malemuwo. "Anthu awa ndikuwadziwa. Ine anandibwereka mapapo."

"Akufa adikire nthawi ya zina ndi zina," anatero mlembi.

Yotamu anafuna kukana. Mtima unkawira, mawu achipongwe anafika mpaka pakhosi, koma ulemu umene anakula nawo unawatsekera pomwepo. Anangoona mikono yake yatambasuka yokha. Mlembi anapotokola manjawo monga achotsera babu, magazi osatuluka, n'kuwalumikiza ku jekete ya a Thombozi. Magolovesi anawataya mumtsinje, ati sakugwirizana ndi suti.

Ndiye mukuganiza kuti bwanayo anawerama kutola thumba? Asa! Anayamba ndi kugwirana chanza ndi akomiti, mmodzimmodzi, atamaliza n'kuyambiranso. Yotamu ankazimva zonsezo ali pomwe anakhala: thukuta la m'zikhatho zawo, mafuta a nkhuku, kuzizira kwa mphete zawo. Kenako a Thombozi anatulukira kuti chala chimaloza. Analoza kochi wamoyo, amene anali ataima pakhomo, kochiyo n'kusanduka utsi. Analoza dalaivala wa basi ya timu, basi yoti inakhala pa njerwa kalekale, ati ndiye amachedwetsa anyamata. Analoza mbendera ya pakona, ati ikuoneka yosakhulupirika, ichotsedwe ntchito lero lomwe.

"Vuto la Nyundo ndaliona," anatero. "Ndi dzina. Kuyambira lero ndife Nyundo Intaneshonolo."

Atatero anadziwombera m'manja. Manja a Yotamu, oti zala zake zinathyokapo chifukwa cha timu imeneyi, ali phu phu phu kuwombera zopusa! Zinamuwawa kuposa kuthyoka kuja, ndipo anachita manyazi mpaka m'mafupa.

Thumba linayandama n'kutuluka ndi mtsinje, kukatsakamira pakati pa bwalo. Osewera anatulukamo ali chinyowere, akutsokomola, ndipo woyimbira analiza wezulo nthawi yomweyo. Yotamu anapezeka ali pagolo, mikono yothera panjira. Za kubweza mpira usanayambe zija palibe anazikumbuka.

Anatchinga ndi chifuwa. Anatchinga ndi chipumi, ndi mawondo, ndi msana, mpira wina anachita kuuluma ndi mano. Ankathamanga kuchoka kuchigayo kukafika kunjanji, kubwerera, kupitanso, malovu atauma. Masapota analavula nzimbe n'kuimirira. Nyundo sinagoletse, nanga inayamba liti, koma alendowo nawonso chigoli chinawakana. Kumtunda, pamthunzi wa akuluakulu, a Thombozi ankauza atolankhani kuti zimenezi ndi zipatso za utsogoleri watsopano, uku akukupiza manja a eni.

Dzuwa litapendeka, wosewera kumbuyo wa Nyundo anagwira mpira ndi dzanja pafupi ndi golo, iye amene manja analibe nawo ntchito. Woyimbira analoza penate.

"Ukamenyedwa umenewu," anatero woyimbirayo, "mpira watha."

Yotamu anatembenukira kumthunzi kuja. "Bwana wapampando! Manja anga!"

"Ndikadalankhula, a Nakoma," anayankha a Thombozi. "Dikirani ndimalize mfundo."

Bwalo lonse linayamba kukuwa: "Manja! Manja! Manja!" A Thombozi anamwetulira n'kuwerama pang'ono, poganiza kuti anthu akuuzana kuti awawombere. Koma mpando wachikopa uja unali utawatsatira, ukuyenda ndi miyendo yake inayi, ndipo unawagunda kumbuyo kwa mawondo.

"Abwezereni," unatero. "Manjawo aphunzira."

Manja anachoka pa jekete n'kuuluka pamwamba pa mitu ya anthu, kudzatera pa mikono ya mwini wake. Anabwera ofewa, akununkhira perefyumu, zikhadabo zikuwala, zipsera zonse zitafufutika. Yotamu sanasamale zimenezo. Misozi inalengeza.

"Mwabwera, abale anga," anawauza. "Kamodzi kokha aka. Ndikukupemphani."

Mitengo ya golo inabwerera m'malo mwake, golo n'kukhala laling'ono ngati lakale. Womenya penate anathamanga, anaterereka, n'kuukhudza ndi chala chokha. Mpira unabwera pang'onopang'ono, m'mbali mwa khutu la Yotamu, woti ngakhale munthu wosenza mtolo wa nkhuni akanaugwira. Manja anakwera. Anaufikira ndithu, anaukhudza, anamva chikopa chake. Kenako anapatuka mwaulemu, lina uku lina uku, monga anthu apatukira galimoto ya bwana pamsewu wafumbi.

Ukonde unagwedezeka.

Ndipo manja anayamba kuwomba. Phu phu phu. Yotamu anawatukwana, anawaluma, anawapanikiza pakati pa mawondo, koma ankapulumuka n'kupitiriza, mokweza, moyang'ana kumthunzi. Masapota ankatuluka pachipata osacheuka. Chinangwa chinayamba kumera pakati pa bwalo, mizere yowongoka bwino, chikubwera chakugolo. Chinamufika m'mawondo, chinamufika m'chiuno, iye akuwombabe.

"Bambo a Miliyamu! Bambo a Miliyamu! Mukuwombera ndani m'manja?"

Anali Esinati, mkazi wake, akumugwedeza phewa. Kunja kunali kutayera. Yotamu anadzuka n'kukhala tsonga, akuyang'ana zikhatho zake. Zipsera zinalipo zonse, chala chopindika chija chilipo.

"Ndimalota," anatero.

"Lotani msanga mumalize," anatero Esinati akutsegula windo. "Mlembi wa komiti anafika mukadagona. Akuti osewera nonse mukaime pamphambano m'mawa uno kukalandira wapampando watsopano, mpirawo ndi wa masana. Akuti inuyo mukakhale kutsogolo, chifukwa manja anu ndi aakulu, amamveka patali."

Yotamu anayang'ananso zikhatho zake. Anakweza ntchafu n'kukhalira manja ake onse awiri, mwamphamvu. Pansipo ankawamva akugundagunda.