Nsapato Imodzi Papolisi

Anabwera naye cham'mawa, apolisi anyamata a chigalimoto chazitsulo chija. Kamtsikana ka zaka zitatu, nsapato phazi limodzi, mamina mpaka pachibwano. Anati akatola pamsika, anthu atabalalika ndi utsi wokhetsa misozi.

"Nayu katundu wanu, Mayi Sajeni," anatero mmodzi, mawu akutulukira m'chisoti cha galasi lakuda. Anali ndani ameneyo? Kaya. Masiku ano ngakhale mnzako wapantchito sungamudziwe nkhope.

Sajeni wakhala pakauntala ya polisiyi zaka makumi awiri. Kale mwana wotayika sankatha ola. Usanamalize kumupukuta kumaso, mayi wake watulukira kale ali wefuwefu, kulira komweko, kuseka komweko, kukalipa komweko. Anthu ankalowa muno ngati kwawo, wina wataya chiphaso, wina wamenyana ndi mlamu wake, wina wangofuna mthunzi. Koma chibwerereni zida zatsopano, pakhomo anaunjikapo matumba a mchenga, mawindo anawatchinga ndi zitsulo, ndipo pabenchi ya alendo amasanjapo zishango. Akuluakulu akuti n'chitetezo. Chitetezo chanji chothamangitsa eni ake!

Ola linatha. Anatha atatu, mpaka dzuwa linapendeka. Kamwanako kanadya bisiketi, kanagona pajekete ya Sajeni, kanadzuka n'kuyambiranso kulira.

"Dzina lako ndani, mama? Amayi ako ndani?"

Kamwanako kanangotembenuka. Maso ali pamfuti zopachika kukhoma.

Sajeni mtima unamuwawa kwambiri. Ikakwana faifi koloko, lamulo limati mwana apite kumalo osungirako ana, kutali uko, ndipo akangolowa m'mafayilo a kumeneko, kutuluka kwake ndi miyezi. Wotchi inali itadutsa kale folo.

Anasuzumira pakampata ka zitsulo za pawindo. Kutsidya kwa msewu, pakhonde la telala, panaima mayi wina wowonda, atafumbatira kansapato pachifuwa. Anaponda mumsewu kawiri, n'kuona mlonda wapageti ali ndi mfuti m'manja, n'kubwerera. Patapita kanthawi anayesanso, nabwereranso. Abale inu, ndiye kuti wakhala akutero kuyambira nthawi yanji?

Sajeni ananyamula mwana kuti atuluke, koma mkulu wa polisiyo anamuimitsa pakhomo.

"Kunja kwa geti satuluka wopanda zida."

"Bwana, ndikungowoloka msewu! Mayi wake ndi uyo apo."

"Valani, Sajeni. Musandiyambitse."

Anavala, akutukwana chamumtima. Chovala chotchinga zipolopolo, chisoti, mfuti yolendewera pachifuwa. Kamwana kaja, komwe tsiku lonse kanamukakamira pasiketi, kanamuyang'ana n'kukuwa ngati kaona chilombo. Anakanyamulabe, kakupalapata.

Atangotuluka pageti, msewu unasintha. Wogulitsa malalanje anakokera dengu lake kumbuyo. Makina a telala anasiya kulira. Penapake chitseko chinatsekedwa, phwa! Sajeni ankawadziwa onsewa, ena anawalemberapo makalata ndi dzanja lake, koma panalibe ndi mmodzi yemwe womuyang'ana kumaso.

"Amayi!" kanakuwa kamwana.

Mayi uja anagwada pafumbi. Kansapato kanagwa. Anakweza manja onse awiri m'mwamba.

"Sindinaponye mwala ine, bwana. Ndimangogula sopo. Chonde, bwana."

"Ayi, mayi, palibe mlandu. Landirani mwana wanu."

"Pepani, bwana. Pepani."

Sajeni anakankhira galasi la chisoti m'mwamba kuti aone kuti naye ndi mzimayi, mzimayi wa imvi, wobereka ngati iye. Sizinathandize. Maso a mayiyo anali pamfuti basi.

Sajeni anatsitsa mwana pansi. Kanathamanga, kanadziponya pakhosi pa mayi wake, kakumugwira, kakulira, kakukoka bulauzi kuti akanyamule. Mayiyo misozi inali chuchuchu, milomo ili patsitsi la mwana wake.

"Tsitsani manja, mayi," anatero Sajeni. "Mukumbatireni."

Mayiyo sanatsitse.