Msana wa Whyson

Mwamuna wanga Whyson amadziwa kusambitsa mwana, thewera amasintha, koma kumubereka kumbuyo ndi chitenge, ayi. Akuti anzake ocheza pa shopu ya ba Mpundu angamuseke. Anthu oti sanatigulirepo ngakhale sopo!

Tonse timagwirira ntchito pakhomo, m'zipinda zathu ziwiri kuno ku Mtendere. Ine m'mawa ndimayankha mafoni a makasitomala a kampani ina, iye masana amakonza zikwangwani zamalonda pa laputopu. Tinagwirizana kuti m'mawa mwana wathu Tamara ndi wake. Koma Tamara, wa miyezi inayi, satonthola m'manja, amafuna msana basi. Ndipo bwana wanga, ba Musonda, anali atandichenjeza kawiri kuti kasitomala akadzamvanso kulira kwa mwana, ntchito yanga yathera pomwepo.

Lachitatu cha m'ma teni koloko Tamara anayamba. Ndinatseka maikolofoni.

"Batate ba Tamara, mupapeni mwana kumbuyo! Chitenge icho pa mpando."

"Ah, iwe, nine mwamuna," anatero Whyson. "Nizamuyendesa chabe."

Anamuyendetsadi, uku ndi uku, pakhomo penipeni pa chipinda changa, atamunyamula ngati thumba la makala. Mwana anafuula mpaka kutsamwa. Mtima unandiwira, koma foni inali italowa kale, mayi wina wokwiya kuposa ine.

"Kansi natuma foni ku ofesi olo ku kiliniki ya under-five?" anafunsa mayiyo, n'kudula.

Sipanathe mphindi khumi, ba Musonda anaimba. Sanakalipe n'komwe. Anangoti ndibweze mahedifoni ndi laputopu ya kampani Lachisanu.

Ndinatuluka, mawu onse oti ndimulalatire ali kukamwa. M'nyumba munali zii. Ndinamupeza kuseri, pakati pa chimbudzi ndi mpanda, poti munthu wodutsa mumsewu sangamuone. Tamara anali kumsana kwake, chitenge changa chitamangidwa pachifuwa pake, mfundo yokhota, kamwendo kamodzi ka Tamara kakulendewera. Mwana anali m'tulo tofa nato.

Ndiye kuti amatha. Miyezi yonseyi amatha!

"Wagona," ananong'ona uku akumwetulira, ngati wawina mpikisano. "Ni easy, kansi. Koma osauza muntu."

Ndinamuyang'ana mpaka kumwetulira kuja kunazilala.

"Masulani," ndinatero. "Musavutike, sibazakusekani. Kuyambira lelo nizamupapa neka, siku yonse. Nchito yasila, banichosa."